Paison Ndau ndi Mpanda wa Perete

Paison Ndau anabadwira kumapiri a Biriwiri cha m'ma 1910, koma sanakulire kumeneko. Chimfine chachikulu chimene chinabwera nkhondo ya Jeremani itangotha chinatenga bambo ake ndi mayi ake m'mwezi umodzi. Amalume ake, posowa pogwira, anakam'tula pa mishoni ali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Kumeneko anakulira m'nyumba ya anyamata, kudzuka ndi belu, kudya ndi belu, kugona ndi belu. Ankadziwa mayina a mafumu a Israeli mwa ndondomeko yake, koma mukanam'funsa kuti pamudzi pa kwawo ndani amathawana ndi yani panjira, akanangokuyang'anani kukamwa.

Atakula anapita ku Joni monga ankachitira anzake, nakagwira ntchito pansi pa mgodi zaka zisanu. Anabwerako ndi bokosi la malata, zala zitatu zokha kudzanja lamanzere, ndi wezulo ya mkuwa imene anagula kwa woimbira mpira wina pakomponi. Amishoni anam'phunzitsa uphunzitsi, kenaka anam'tumiza ku sukulu ya m'mudzi, kumapiri komwe kuja anabadwira. Anapita ndi mkazi wake Dailes, amene anthu ankam'tchula kuti NaPhiri.

Sanali wolankhulalankhula, ndiponso sanali mphunzitsi woposa anzake. Chimene anali nacho n'chakuti kanthu kakam'dabwitsa sikankam'choka m'mutu. Ankatha kuima panjira kuonerera nyerere zikukoka chiwala mpaka zitalowa nacho kuuna, mkazi wake akudikira patsogolo ndi mtolo pamutu.

Sukuluyo inali tchalitchi chomata ndi dothi, chofolera udzu. Lamulungu ankapempheramo, masiku enawo ankaphunziramo. Ana ang'onoang'ono analimo ndithu, koma ambiri anali anyamata ndi atsikana osinkhuka, a zaka khumi ndi zinayi mpaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, ena ndevu zitayamba kumera. Nyengo ya chisanu ankakhala pa zipika atadzikulunga m'nsalu, akunjenjemera, ena akusinza choko chili m'manja.

M'mwezi wa Meyi, chaka cha 1938, kunabwera a Elson, amene ntchito yawo inali yoyendera masukulu a m'midzi pa njinga. Anatulutsa m'thumba kabuku kokhala ndi zithunzi za tianthu toonda ngati timitengo, tina titakweza manja, tina titawerama, tina tili m'malere.

"Kuyambira mawa," anatero a Elson, "theka la ola m'mawa uliwonse ana onse azituluka panja kukalimbitsa thupi. Anyamata ndi atsikana omwe. Ndibweranso kumapeto kwa Juni kudzaona ndi maso anga."

"Ana awa amalima, bambo. Ena amayenda mitunda itatu pobwera kuno."

"Nanga amene akusinza pakonapo, akulima kutulo?"

Paison anacheuka. Panalidi mnyamata wamkulu atatsamira khoma, kukamwa kuli yasa. Analandira kabuku kaja.

Kunena zoona, ntchitoyi inam'komera. Bwalo la sukulu linali pakati pa tchalitchi ndi njira yaikulu yotsikira kudambo, ndipo pambali pake panali chulu. Paison ankakwera pachulupo ndi wezulo yake, ana atandanda m'mizere pansi pake. Manja m'mwamba, manja m'chiuno, weramani, lumphani, thamangani mpaka pamtengo wa mkuyu ndi kubwerako. Anthu a m'mudzi anayamba kuzitchula kuti perete, poti zinkafanana ndi zimene asilikali ankachita ku Boma. Sabata isanathe Paison anaona kuti ana akalowa m'kalasi thukuta lili pamphuno, samasinza mpaka masana, ndipo samu zinkayenda. Anadabwa kuti miyendo ndi mutu zimamvana chotere.

Koma panali chinthu china chimene chinam'dabwitsa koposa. Perete ali mkati, atsikana ena akuluakulu ankangoti gwadu pansi, n'kufulatira njira, mutu woli. Pakapita kanthawi ankadzuka n'kupitiriza ngati sipanachitike kanthu. Sanali onse, ndiponso sinali nthawi imodzi. Eliness ankagwada Lachiwiri ndi Lachisanu basi. Aida ankatha masiku anayi osagwada, tsiku lachisanu n'kugwada kawiri. Koma Sellina, mwana wa NaNgozo, ankagwada tsiku lililonse, nthawi yomweyomweyo, mame akangoyamba kuuma.

Sellina anali wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, wamtali, wa liwiro loti anyamata ena ankadwala dala likafika tsiku la mpikisano. Pa samu analinso patsogolo pa onse, ndipo Paison ankayembekezera kuti chaka chimenecho apambana mayeso. Nanga mtsikana wamphamvu chotere ankagweranji pansi?

Anayamba waganiza za njala. Anafunsa ana ngati amabwera atadya, ndipo Sellina anati amadya mbatata ya kachewere m'mawa uliwonse. Anaganiza za chizungulire, nam'suntha kumuika pamthunzi. Anagwadabe. Atam'funsa maso ndi maso, mtsikanayo anangoyang'ana pansi akukanda dothi ndi chala cha kuphazi.

"Ukudwala?"

"Iyayi, aphunzitsi."

"Nanga n'chiyani?"

Mtsikanayo anapitiriza kukanda dothi.

Tsiku lina ali pachulu paja anazindikira kuti Sellina amagwada pamene ng'ombe zikudutsa panjira kupita kudambo. Zinali ng'ombe za a Nzunga, bambo wachikulire amene ankaweta yekha chifukwa ana ake aamuna onse anali ku Joni. Pakati pa ng'ombezo panali nkhunzi yakuda ya nyanga zotambalala. Paison anakondwera mumtima kuti wapeza: mtsikana akuopa nkhunzi. Anamuika kumzere wakutali ndi njira. Ng'ombe zitafika, Sellina anagwada komweko.

Za kusukulu Paison ankazisiya kusukulu, moti kunyumba sananenepo kanthu. Anangotsimikiza yekha kuti mantha amatha munthu akakumana nawo maso ndi maso, monga mmene iye anachitira tsiku loyamba kutsika mumgodi. Choncho m'mawa wina, atamva ng'ombe zikubwera, anaitana Sellina kuti abwere kutsogolo aonetse anzake kalumphidwe koyenera, manja m'mwamba, miyendo motalikirana. Mtsikanayo anabwera, koma ng'ombe zitangotulukira pa mkuyu anagwada.

"Imirira, Sellina. Pano ndi pasukulu."

Sanasunthe.

"Ndati imirira! Palibe chimene chikugunde ine ndili pano."

Anaimirira pang'onopang'ono. Wezulo inalira. Analumpha kamodzi, kawiri, kachitatu, misozi ikutsika popanda mawu. Ngakhale anyamata amene ankaseka chilichonse sanaseke. Paison atacheukira kunjira anaona a Nzunga atafulatira, atadzifunda bulangete kumutu, ng'ombe zawo zikulowa m'munda wa eni ake popanda wozibweza.

M'mawa mwake Sellina sanabwere. Eliness, Aida ndi atsikana ena awiri sanabwerenso.

Madzulo a tsiku limenelo anapeza mkazi wake pakhonde akusankha mbatata, ndipo anam'fotokozera zonse, kuyambira pa njala mpaka pa nkhunzi. NaPhiri anasiya mbatata.

"Ng'ombe? A Ndau, masabata atatu onsewa inu mumayang'ana ng'ombe, osaona munthu amene ali pambuyo pake?"

"A Nzunga? Nanga a Nzunga atani?"

"Mwana wawo Hilary ali kuti?"

"Ku Joni."

"Akabwera adzakwatira yani?"

Paison anakhala pansi.

"Ankhoswe anamaliza nkhani imeneyo chaka chatha," anapitiriza NaPhiri. "Mudzi wonse ukudziwa, ndi nkhuku zomwe. Ndiye inu mwatenga mwana wa eni ake, mwamuimika pamaso pa apongozi ake, n'kumulumphitsa ngati chule. Abale inu! Nanga ine nthawi ija, tikakumana ndi amalume anu panjira ine n'kulowa patchire, mumayesa ndikufuna bowa?"

"Ndinkayesa ndi manyazi chabe."

"Ndi manyazi amene. Kodi pa mishoni paja sanakuphunzitseni kuti manyazi ali ndi eni ake?"

Ngakhale mtima unali utam'gwa, Paison sanathe kudziletsa kufunsa. Nanga Eliness, wa Lachiwiri ndi Lachisanu? NaPhiri anati amenewo ndi masiku amene wosoka mphasa wa m'mudzimo amatsika kudambo kukadula bango, ndipo mwana wake ndiye anatomera Eliness. Nanga Aida? Apongozi ake anali ndi dimba kumunsi, ankapitako akafuna. Paison anapukusa mutu. Masabata atatu onse mabanja a mawa a mudzi wonse ankadzilemba okha pabwalo pake, iye ali pachulu osatha kuwerenga.

Tsiku lotsatira, ataweruka, anapita kwa NaNgozo. Anawapeza akutong'ola chimanga pamphasa. Anapepesa, iwo anamva, koma nkhope sinasinthe.

"Kuwerenga tinalola, aphunzitsi. Kulemba tinalola, poti azitilembera makalata a ku Joni. Koma kulumphaku kukam'thandiza chiyani kubanja?"

"Thupi likatenthedwa, mayi, mutu umagwira bwino. Ndaona ndi maso anga."

"Akufuna kutenthedwa? Mtondo si uwo?"

"Mwana wanu ndi wanzeru. Akasiya pano, mayeso a chaka chino amupita."

"Ndiye siyani pereteyo. Mukasiya, mawa lomwe abwera."

Kusiya sakanatha. A Elson anali kubwera pakangotha masabata atatu, ndipo lamulo linati ana onse. Komanso iye mwini sankafuna kubwerera ku kalasi ya anthu osinza. Ananena kuti asintha nthawi, perete azichitika ng'ombe zitadutsa kale.

"Njira ija ndi ya mudzi wonse," anatero NaNgozo. "Mudzatseka miyendo ya anthu? Lero adutsa m'mawa, mawa adutsa masana. Mwana wanga wachita manyazi kamodzi, kwakwana."

Potuluka, Paison anaona mapazi awiri a mtsikana kuseri kwa nkhokwe. Sanayang'anenso kachiwiri.

Panapita masiku anayi, ndipo anaona chinthu china: ng'ombe za a Nzunga sizinkadutsanso pasukulu. Zinkafika bwanji kudambo? Loweruka anagwira nkhuku yoyera kuti akapepese nayo, napita kwawo dzuwa litapendeka. Anapeza mkuluyo atakhala pafupi ndi khola, akuchotsa minga kumapazi ndi singano. Miyendo yawo inali mikwingwirima yokhayokha.

A Nzunga analandira nkhuku ndi manja awiri. "Zikomo, Ndau. Koma wolakwiridwa si ine ndekha."

"Ndikudziwa, bambo. Kodi miyendoyi mwatani?"

"Ndi wezulo yanu imeneyi. Chiyambire tsiku lija ndimadzera kuchigwa, m'minga, kuti ndisaonenso zimene ndinaona. Dzulo thole linatsala pang'ono kuthyoka mwendo pamiyala. Inu mumayesa amathawa ndi wamng'ono yekha? Nafenso timathawa."

Dzina la Sellina sanalitchule, ndipo Paison anazindikira kuti nayenso asalitchule.

"Mlendo wanu uja wasiya sukulu," anatero Paison.

"Ndamva. Sizinandikomere. Mwana wanga analemba kuti akufuna mkazi wodziwa kuwerenga kalata yekha, osati zinsinsi za m'nyumba kumakawerengetsa kwa anthu." Anazula munga wina, nauyang'anitsitsa. "Koma tandiuzani, aphunzitsi. Kulumpha kumeneku, mukukonzekera nkhondo ndi yani?"

"Si nkhondo, bambo. N'kuti magazi ayende, ana asamasinze."

"Hee! Ife tili anyamata tinkaponda ngoma chishango chili m'manja mpaka fumbi kuphimba dzuwa, ndipo panalibe wosinza. Amishoni anati n'zachikunja. Lero abwera nazo zomwezo, angochotsa chishango n'kuika kawezulo." Anaseka mpaka kutsokomola. "Kodi mumayamba ndi phazi liti, lamanzere kapena lamanja?"

"Lamanzere."

"N'chifukwa chake zimaoneka zopepuka."

Akucheza choncho, kuseri kwa nyumba kunamveka madzi akukhuthuka ndi mawu a mkazi akuimba nyimbo ya kutchalitchi. Munali m'bafa, kampanda ka udzu kamene kali pakhomo lililonse. Paison anatchera khutu.

"Akuimbawo ndani, bambo?"

"Mkazi wa mwana wanga wamkulu."

"Mpongozi wanu? Inu muli pompano, iye akuimba?"

"Nanga akundiona? Nanga ine ndikumuona?" A Nzunga anayankha ngati akuuza mwana kuti moto umatentha. Kenaka anaima, singano ili m'manja. Anayang'ana kampanda kaja, nayang'ana mphunzitsi.

"Bwalo lanu lija n'lotalika bwanji mbali ya kunjira?"

"Mapazi makumi asanu ndi limodzi, ndikayenda ine."

"Udzu wa tsekera wakhwima kudambo. Nsungwi ndili nazo kuseri kuno."

Kwa NaNgozo anapitako ndi NaPhiri, pakuti Paison anali ataphunzira kuti nkhani zina zimayenda bwino m'kamwa mwa akazi. Mayiwo anamvetsera zomanga mpanda pakati pa bwalo ndi njira, nafunsa kuti udzatalika bwanji. Paison anawayankha kuti kuposa munthu wamtali atanyamula mtolo. Anafunsanso kuti nanga mwana akamva ng'ombe zikudutsa, sadziwa kuti apongozi ake ali pomwepo?

"Kudziwa adziwa," anatero NaPhiri. "Nanga inu mukamasamba simudziwa kuti kunja kuli anthu?"

NaNgozo anaseka koyamba. "Mangani tione. Sindinalonjeze kanthu."

Sabata imeneyo perete anasanduka ntchito. Anyamata anakumba mayenje n'kuzika mitengo, atsikana amene anatsala anamweta tsekera n'kusenza mitolo kukwera nayo chitunda. A Nzunga anabwera ndi nsungwi ndi luzi, namanga okha mbali ya kunjira, akudzudzula anyamata kuti mfundo zawo n'zofanana ndi za ana oyamwa. Wosoka mphasa uja anabweranso tsiku lachitatu osaitanidwa, sananene chifukwa chake, ndipo palibe anam'funsa. Pofika Lachisanu mpanda unali utaima kuyambira pa mkuyu mpaka pangodya ya tchalitchi.

Lolemba m'mawa Paison anakwera pachulu mtima uli m'mwamba. Anawerenga mizere. Eliness analipo. Aida analipo, ndi awiri aja. Kumapeto kwenikweni kwa mzere wa atsikana kunali Sellina, atamanga mpango m'chiuno, maso ali pansi. Sanam'tchule dzina, sanamuitanire kutsogolo. Anangoliza wezulo.

Manja m'mwamba. Manja m'chiuno. Weramani. Mame anali akuyamba kuuma pamene ziboda zinamveka kumtunda, ndi kulira kwa nkhunzi ija. Inali nthawi yolumpha. Paison akanatha kudikira kuti zidutse, koma anadziwa kuti akadikira lero adzadikira masiku onse. Analiza.

Sellina analumpha kamodzi, kenaka anaima. Mawondo ake anayamba kupindika okha. Anayang'ana mpanda, udzu wokhawokha, wothinana wopanda ndi kampata komwe. Aida, amene anali pambali pake, anam'gunda ndi chigongono. Sellina anawongoka, nalumphanso, ndipo sanaimenso mpaka wezulo yomaliza.

Pabwalo lonselo munthu mmodzi yekha ndiye ankaona mbali zonse ziwiri za mpandawo, ndiye amene anali pachulu. Kunja kwake Paison anaona a Nzunga ataima pakati pa njira, atafulatira mpanda monga kuyenera, ng'ombe zikupita zokha patsogolo. Ndodo anali ataikweza ngati chishango. Wezulo ikalira, phazi lawo lamanja linkatsika pansi mwamphamvu, fumbi n'kuti kobo. Anaponda kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, kenaka anakonza bulangete paphewa n'kutsatira ng'ombe zawo.

A Elson anabwera kumapeto kwa Juni monga ananenera. Anaonerera perete yense ataimika njinga pa mkuyu, anawerenga ana, napeza kuti atsikana sanachepe ngati m'masukulu ena amene anadzerako. Kenaka anayenda m'mbali mwa mpanda akuugwiragwira.

"A Ndau, m'kabuku muja mulibe mpanda. Uwu ngwa chiyani?"

Paison anaganiza zofotokoza zonse. Koma kufotokoza kunali kutchula mtsikana ndi apongozi ake pamaso pa mlendo, ndi kubwerezanso manyazi amene anali atangotha kumene.

"Kuno kumawomba mphepo kwambiri, bambo."

Sikunali kunama, pakuti ku Biriwiri mphepo ya Juni imalowa mpaka m'mafupa. A Elson anagwedeza mutu, nalemba m'buku lawo. Chaka chotsatira aphunzitsi ena anauzidwa kuti atengere chitsanzo cha Biriwiri, amange mipanda yotchinga mphepo. Inamangidwa ngakhale kuchigwa kotentha, kumene anthu amapempherera kamphepo. Akuti kumenekonso atsikana osinkhuka anayamba kukhalitsa pasukulu, ndipo a Elson anakhala akudabwa mpaka tsiku limene anapuma ntchito kuti mphepo inali ndi mphamvu yotere pa ana aakazi.

Sellina anapambana mayeso chaka chimenecho. Hilary atabwera anakwatirana, ndipo pamene mwamunayo anabwereranso ku Joni, makalata ake ankawerenga yekha.

Paison anaphunzitsa pasukulu yomweyo mpaka 1955, pamene chifuwa chimene anachitenga kumgodi chinam'letsa kuliza wezulo. Anabwerera kumunda wake wa mbatata. Mpanda uja ankaumanganso chaka ndi chaka udzu ukakhwima, ndipo ana a pambuyo pake ankakhulupirira ndithu kuti ndi wa mphepo. Za phazi la a Nzunga anauza mkazi wake yekha, mkuluyo atamwalira kale. NaPhiri akuti anangofunsa kuti, "Nthawi imeneyo ndiye munayang'ana munthu, osati ng'ombe?"